Nsanja yong'ambika pakati ya ku Bothwell

Chithunzicho ndinachipeza m'katoni ya zinthu zakale, m'kasitolo kena ka kaunjika ku Glasgow, m'dziko la Scotland, Loweruka lina mvula ikuwaza. Chinali chaching'ono, chosaposa chikhatho changa ndikatambasula zala, chosindikizidwa ndi inki yakuda papepala lomwe linali litachita kale chikasu. Pamwamba pa chitunda panali bwinja la linga, mitengo italikuta mbali zonse. M'munsi mtsinje unkayenda phee, ndipo m'mphepete mwa madzimo munali tianthu tiwiri ngati nyerere, wina akuloza chala kumtunda. Pansi pake analembapo mawu awiri okha: Bothwell Castle.

Ndinachigula chifukwa cha bata lake. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito usiku, kusamalira okalamba, ndipo ndikafika kunyumba m'mawa mutu unkakhala ukulira ndi mabelu a m'zipinda. Ndinachikhoma pakhoma pafupi ndi bedi. Kwa miyezi ingapo ndinkachiyang'ana ndisanagone, osaganizako n'komwe zoti malowo alipodi ndipo sitima ya pamtunda ikhoza kundifikitsako ola lisanathe.

Tsiku lomwe ndinafufuza dzinalo pa mapu a m'foni, ndinadzuka pomwe ndinagona. Lingalo lili m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, makilomita pafupifupi 16 kum'mwera chakum'mawa kwa Glasgow, ndipo kutsidya kwa mtsinjewo kuli tauni yotchedwa Blantyre. Ine ndinakulira ku Ndirande. Ku pulayimale tinaphunzira kuti mzinda wathu, womwe amishoni a Church of Scotland anauyamba mu 1876, unatenga dzina la mudzi womwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Koma palibe mphunzitsi anatiuzapo kuti mudziwo unayang'anizana ndi linga lalikulu chotere. Sabata yotsatira ndinakwera sitima ku Glasgow Central, n'kukatsika pa siteshoni yolembedwa dzina lakwathu.

Kuchoka pa siteshoni umatsetsereka mpaka pa nyumba yoyera ya Shuttle Row, momwe banja la Livingstone linkakhala m'chipinda chimodzi. Ukadutsa pamenepo pali kamlatho ka anthu oyenda pansi, ndipo ukawoloka umatsata kanjira ka m'nkhalango motsatira madzi. Ndinayenda mwina theka la ola, matope ali tho m'nsapato. Kenaka pokhota mtsinje, mitengo inatseguka, ndipo chinthu choyamba chomwe chinandidabwitsa chinali mtundu wake. Chithunzi changa chinali chakuda ndi choyera. Linga lenilenilo ndi lofiira ngati dothi la katondo mvula itangokata, lofiira ngati njerwa yopsa bwino ya pakati pa uvuni.

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba. Ndili mwana ndinkawanyamulira chingwe ndi levulo, ndipo anandiphunzitsa kuti khoma umaliwerenga ndi dzanja, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Choncho nditafika pa nsanja yaikulu ija, yomwe eniake amaitchula ndi mawu a Chifalansa akuti donjon, ndinayamba ndi kuyendetsa chikhatho pamizere ya miyala. Mwala uliwonse unasemedwa bwinobwino mbali zake, ndipo nkhope yake anaipinda pang'ono kuti igwirizane ndi kuzungulira kwa nsanjayo. Mipata ya pakati pa miyala ndi yopyapyala moti chala sichilowa. Taganizani: nsanja yozungulira, mamita pafupifupi 20 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, makoma ake kunenepa mamita oposa 4, kutalika kwake mamita 25 kapena kuposerapo, ndipo yonseyi inamangidwa m'zaka za m'ma 1200, ndi anthu ogwiritsa ntchito tchizulo, nyundo, chingwe ndi makwerero a mitengo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Anthu amene anasema miyalayi ankadziwa ntchito yawo, ndipo mwana wa mmisiri sangadutse pa ntchito yotere osavula chipewa.

Malo a Bothwell anagwa m'manja mwa Walter wa ku Moray mu 1242, ndipo ndi banja lakelo lomwe linayamba kumanga. Ankafuna linga la ngodya zisanu, lokhala ndi nsanja m'makona ndi chipata chachikulu cha nsanja ziwiri kumpoto. Akatswiri a zomangamanga amakonda kufanizira nsanja ya Bothwell ndi ya ku Coucy ku France, ndipo ubale ulipodi, chifukwa mfumu Alexander II ya Scotland inakwatira Marie de Coucy mu 1239. Nsanja ya ku Coucy ija asilikali a Germany anaiphulitsa mu 1917, kotero kuti lero ya ku Bothwell yatsala ngati mwana wofanana ndi kholo lomwe linamwalira. Nsanjayi inali linga mkati mwa linga. Inali ndi ngalande yakeyake yoilekanitsa ndi bwalo, mlatho wokweza ndi kutsitsa pakhomo pake, chitsime m'chipinda chapansi, ndi makwerero ozungulira obisika m'kati mwa khoma. Ngakhale adani atalowa m'bwalo, mwini nyumba akanatha kudzitsekera m'menemo n'kumamwa madzi ake.

Koma ntchitoyo sinathe. Ukatuluka kumpoto kwa makoma omwe alipo lero, umaona maziko a chipata chachikulu chija ali m'kapinga, mizere ya miyala yozungulira yomwe sinakwere kufika ngakhale m'chiuno. Pamenepo mtima unandigwira, chifukwa maziko otere ndinakula nawo. Ndi angati a ife amene tili ndi faundeshoni kumudzi, yomwe inaima chaka chomwe ndalama zinatha kapena chomwe mwini wake anadwala? Kuno chomwe chinaimitsa ntchito ndi nkhondo. Mu 1296 mfumu Edward I ya ku England inalowa m'Scotland, ndipo mwini linga, William Moray, yemwe ankamutcha Wolemera, anagwidwa n'kutengedwa ukaidi ku England.

Kuyambira pamenepo lingalo linkangosinthana manja. A Scotland analizinga miyezi 14, mu 1298 ndi 1299, mpaka asilikali a England omwe anali mkati anagonja ndi njala. Mu 1301 Edward anabweranso ndi anthu 6,800, ndi chinsanja chamatabwa chomwe anachikhoma ku Glasgow n'kuchikoka pa ngolo kudzachiimika pafupi ndi khoma kuti asilikali adumphire pamwamba. Mwezi usanathe linga linagwa. Itatha nkhondo ya ku Bannockburn mu 1314, akuluakulu ena a England anathawira kuno poganiza kuti apeza chitetezo, koma woyang'anira lingalo, Walter FitzGilbert, anawapereka kwa a Scotland. Mmodzi mwa ogwidwawo, Earl (udindo wa ulemu wa akuluakulu a dziko) wa ku Hereford, anamusinthanitsa ndi mkazi wa mfumu ya Scotland, Robert Bruce, mwana wake wamkazi ndi mlongo wake, omwe anakhala zaka zambiri muukaidi ku England.

Zonsezi zalembedwa pa zikwangwani pamalopo, ndipo ndinaziwerenga mwachangu. Chomwe chinandikhazika pansi ndi cha mu 1337.

Ukaima m'bwalo n'kuyang'ana nsanja yaikulu ija, imaoneka yathunthu, yozungulira bwino, khomo lake losongoka pamwamba lili pomwe analisiya amisiri. Koma ukazungulira kuseri, mbali ya kumadzulo yoyang'ana mtsinje, umapeza kuti theka lake palibe. Nsanjayo inang'ambidwa kuchoka pamwamba mpaka pansi ngati dzungu lodulidwa ndi chikwanje, ndipo pomwe panali theka linalo pali khoma lowongoka, la miyala yosasemedwa bwino, lomwe anadzatsekera pambuyo pake. Ngakhale munthu wosadziwa za zomangamanga angaone kuti manja omwe anamanga khoma lachiwirili si omwe anamanga loyambalo.

Amene anagwetsa theka limenelo ndi mwini wake. Mu 1336 Edward III, mfumu ya England, anali atakonzetsanso lingalo n'kukhalamo yekha kwa milungu ingapo kumapeto kwa chaka, akulamulira nkhondo yake ali pomwepo. Atachoka, mu Marichi 1337, Sir Andrew Murray anabwera ndi asilikali ndi makina oponyera miyala, n'kulilanda. Andrew ameneyu ndiye anali wolowa m'malo wa banja la Moray. Bambo ake, amene anatsogolera nkhondo ya pa mlatho wa Stirling mu 1297 pamodzi ndi William Wallace, anafa ndi mabala a nkhondoyo mwanayu asanabadwe. Andrew anakula wamasiye, nyumba ya makolo ake ikusinthana manja pakati pa adani ndi abale, ndipo tsopano ali ndi zaka pafupifupi 40, ali mtetezi wa ufumu wonse wa Scotland, nyumbayo inabwerera m'manja mwake. Ndiye analamula kuti aigwetse. A Scotland analibe asilikali okwanira kulondera linga lililonse, ndipo kuyambira nthawi ya Robert Bruce anali atazindikira kuti linga lolimba likasiyidwa chilili limasanduka chisa cha mdani. Theka la nsanja ya makolo ake linakunkhunizika kutsetsereka ku Clyde. Chaka chotsatira, mu 1338, iye anamwalira.

Usiku wa tsikulo ndinaimbira foni bambo anga. Ndinawafotokozera kunenepa kwa khomalo, ndipo anandifunsa kawiri kuti atsimikize kuti sindinalakwitse. Kenaka anati, "Mwana wanga, khoma lotere siligwa ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Pamafunika anthu okumba pansi pake masiku ambiri, ndipo mwini wake amakhala akuona tsiku lililonse." Ndinati, "Eya bambo, zikuoneka kuti zinali choncho." Anakhala chete pang'ono, n'kufunsa ngati amisiri omwe anaimanga anali akadali moyo nthawi imeneyo. Ndinawerengetsa zaka: ana awo ndi zidzukulu zawo ayenera kuti analipo, m'midzi ya pafupi.

Nditabwerera m'chipinda changa ndinayang'ananso chithunzi chija. Wojambulayo anaima kumunsi, cha kutsidya, malo omwe bala la nsanjayo likanaoneka bwino. Koma analiphimba ndi masamba. Ziyangoyango zinakwera pomwe panang'ambika, mthunzi wa mitengo unagwa pa khoma lotsekera lija, ndipo diso limangotsetsereka kuchoka pa nsanja kupita pa madzi popanda chopunthwitsa. Zinanditengera masiku kuti ndivomere kuti bata lomwe ndinagula lija linachita kukonzedwa.

Ndinayamba kufufuza za anthu omwe anajambula Bothwell, ndipo ndinadabwa kupeza kuti oyambirira anali anthu a nkhondo. John Slezer, amene buku lake la zithunzi za mizinda ndi malinga a Scotland lotchedwa Theatrum Scotiae linatuluka mu 1693 ndipo muli Bothwell, anali kaputeni wa asilikali a mizinga, ntchito yake inali yoyeza malinga a boma. Paul Sandby, yemwe anajambula lingali kangapo, anabwera ku Scotland mu 1747 ali mnyamata wa zaka 16, atalembedwa ntchito yojambula mapu a asilikali. Panali patangopita chaka chimodzi chichitikireni nkhondo ya ku Culloden, ndipo boma la ku London linkafuna kudziwa phiri lililonse ndi chigwa chilichonse kuti anthu a kumapiri asadzaukirenso. Dzanja lomwe linkajambula misewu ya asilikali ndi lomwelo lomwe linaphunzitsa anthu a ku England kuona mabwinja a Scotland ngati malo okongola okapumako. Sandby anali katswiri weniweni, mitengo yake imapuma mpweya ndipo madzi ake amanyowa. Koma pofika nthawi yakeyo linga linali litasiya kuopsa, ndipo chinthu chikasiya kuopsa m'pamene anthu amayamba kuchikonda.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anthu opeza bwino a ku Britain anayamba chizolowezi choyenda m'dziko kufunafuna malo ooneka ngati chithunzi. Ena ankanyamula kagalasi kakuda kotchedwa Claude glass. Akafika pa malo okongola ankawafulatira, n'kukweza kagalasiko kuti aone malowo kudzera m'menemo, atachepa, mitundu yake itafewa ngati penti yakale. Kwa anthu otere nsanja yathunthu inali yosasangalatsa kwenikweni. Ankafuna yosweka, yomera udzu, yokhala ndi ng'ombe ziwiri pansi pake. Chomwe Andrew Murray anachita ndi mtima wowawa chinadzakhala chokometsera chithunzi.

Ngakhale eni malowo anathandizira. Banja la Douglas ndi lomwe linadzutsa lingali pambuyo pa 1362, pamene Archibald Douglas, yemwe ankamutcha the Grim chifukwa cha nkhope yake yoopsa pa nkhondo, anakwatira Joanna Moray. Iye ndi mwana wake ndiwo anatseka nsanja yong'ambikayo, n'kumanga holo yaikulu, tchalitchi chaching'ono, ndi nsanja ina yokongola pa ngodya ya kum'mwera chakum'mawa. Mu 1455 mfumu ya Scotland inalanda a Douglas zonse. Patapita zaka zoposa 200, Earl wa ku Forfar, wa nthambi ina ya banja lomwelo, anaona kuti kukhala m'linga n'kozizira ndi kwachikale, ndipo anamanga nyumba yamakono pambali pake, miyala yake akugumula pa linga lomwelo. Kuyambira pamenepo bwinjalo linasanduka chokongoletsa dimba la olemera. Mlembi wa ku England Dorothy Wordsworth atafika kuno mu Ogasiti 1803 pamodzi ndi alakatuli awiri, mlongo wake William ndi Samuel Taylor Coleridge, analemba kuti mwala wofiirawo unagwirizana bwino ndi matanthwe a m'mphepete mwa mtsinje, koma zinamupweteka kuona kuti m'tsinde mwa makoma anadzalamo mabedi a maluwa m'malo mwa zomera zakutchire. Ndimamumvetsa, komabe naye ankafuna bwinja looneka momwe mtima wake unkafunira. William uja anadzalembanso ndakatulo ya lingali mu 1831, ulendo womwe sanathe n'kuliona komwe chifukwa cha mphepo ndi mvula. Analemba zomwe ankakumbukira.

Pali chinthu china chomwe sindinachipeze m'zithunzi zakale zomwe ndaona, ndipo kwa ine wochokera ku Ndirande ndi chachikulu. Pamene Dorothy ankadandaula za maluwa, fakitale ya thonje ya ku Blantyre inali itagwira kale ntchito zaka 18, chikhazikitsireni David Dale mu 1785. Madzi omwewo omwe m'chithunzi changa ali phee, kumtunda pang'ono ankazunguza mawilo a makina. Mu 1823 mwana wa zaka 10 dzina lake David Livingstone analowa m'fakitale imeneyo, ntchito yake kulumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenaka n'kupita ku sukulu ya usiku. Ana ngati iye analipo ambiri, ndipo mayina awo sanapatsidwe mzinda uliwonse. Thonje lomwe ankapota mbali yaikulu linkalimidwa ndi akapolo akuda kutsidya la Atlantic. Kenaka kunabwera migodi ya malasha. Mu 1877, chaka chimodzi Blantyre wathu atayamba, mgodi wa ku Blantyre wa kuno unaphulika n'kupha anthu oposa 200. Migodiyo inakumba mpaka pansi pa dimba la olemera lija, nthaka inatitimira, ndipo nyumba yamakono ija inagwetsedwa mu 1926. Linga lomwe anaigumulira miyala likadaimabe. Linaperekedwa m'manja mwa boma mu 1935, ndipo lero likusamalidwa ndi Historic Environment Scotland.

Sindikuimba mlandu wojambula wanga wosadziwika dzinayo. Pokhota mtsinje paja fakitale sioneka, ndipo munthu wogulitsa zithunzi ankadziwa chomwe ogula ankafuna kukhoma m'chipinda chochezera. Ifenso timachita zomwezo. Ndi kangati taona tchalitchi cha St Michael and All Angels pa makalendala ndi mapositikhadi, dzuwa likulowa kumbuyo kwake, pansi pake atalemba dzina la David Clement Scott ndi zaka 1888 mpaka 1891? Anthu omwe anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisanja mpaka nsanja zija zinaima anali azigogo athu, ndipo pa kalendala saonekapo. Bambo anga akamadutsa pa HHI ankaima n'kumandionetsa njerwa zopindika za m'mazenera, akunena kuti iliyonse inafuna chikombole chakechake. Iwo ankaona manja pomwe ena ankaona chithunzi. Ndikuganiza kuti ndi maso amenewo omwe ndinapita nawo ku Bothwell, ngakhale sindinkadziwa.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndapitako kanayi tsopano, nyengo zosiyanasiyana. M'chilimwe cha kuno masamba amabisa pafupifupi chilichonse, ndipo ukaima kutsidya, cha kumene kunali nyumba ya amonke ya Blantyre Priory yomwe lero yatsala miyala yochepa chabe, umaona zomwe ojambula aja ankaona, ndipo kukongola kwake n'koona, sindingakane. Koma ine ndimakonda kupitako mu Febuluwale, mitengo itayoyoka. Nthawi imeneyo palibe chobisika. Umaona pomwe mwala wosemedwa bwino wa a Moray ukuthera ndi pomwe mwala wa changu wa a Douglas ukuyambira, mano a khoma long'ambika ali poyera, ndipo kuwala kwa dzuwa lofooka la masana kumafiiritsa zonse pamodzi.

Ulendo womaliza ndinatenga pensulo ndi kope. Sindine wojambula, koma ndinkafuna kudziwa chomwe dzanja limachita likakumana ndi bala limenelo. Ndinakhala pa chitsa kumadzulo kwa nsanja, zala zitauma ndi chisanu, ndipo ndinayamba ndi mzere wowongoka wa khoma lotsekera lija. Nditafika pa mano a miyala yosweka, ndinamva dzanja langa likufuna kuthamangira ku nthambi ya mtengo yomwe inali pafupi, kuti ndiikokere pamenepo, chifukwa nthambi ndi yosavuta kujambula ndipo imakoma m'maso. Ndinaliletsa. Ndinawerenga miyala umodzi umodzi, n'kuijambula momwe inathyokera, mpaka kuwala kunayamba kuchepa.

Pobwerera ndinatsikira kumtsinje, pansi penipeni pa nsanjayo. Madzi anali odzaza ndi mvula ya sabata yonse, akuda ngati tiyi wopanda mkaka, akuthamanga kulowera ku Glasgow. M'matope a m'mphepete munali miyala yofiira yambiri, ina yokutidwa ndi ndere. Ndinagwada n'kupukuta umodzi ndi dzanja kuti ndione ngati unali ndi mbali yosemedwa. Kenaka ndinauika pomwe ndinaupeza, ndinapukuta manja pa thalauza, n'kuyamba kutsata kanjira kobwerera ku mlatho kuti ndikapeze sitima ya ku Blantyre kusanade.